Wovulala pa Ngozi si Thumba la Unga

Abale ndi alongo a m'makomboni, lero ndabwera ndi dandaulo. Ine ndine clinical officer, nchito imene makolo athu amaidziwa ndi dzina lakale lakuti medical assistant, ndipo kwa zaka zoposa 20 ndakhala ndikulandira anthu ovulala pa khomo la cipatala. Dandaulo langa likhudza manja anu, manja acifundo amene amayamba kufika pamene munthu wagundidwa ndi galimoto, wagwa pa njinga yamoto, wagwa pa denga la nyumba kapena mu mtengo wa mango.

Anthu a kuno kwathu sadziwa kulambalala munthu wovulala. Phokoso likangomveka pa mseu, amai asiya tomato wao pa thebulo, anyamata asiya nsolo, onse kuthamangira komweko. Mtima umenewu ndi wabwino ndipo usathe. Cimene cindiwawa ndi kanyamulidwe. Wina agwira manja, wina miyendo, mutu uli lendelende, ndi kumuponya kumbuyo kwa vani monga thumba la unga. Ganizo langa ndi ili: mphindi 5 zimene mungataye pokonza bwino kanyamulidwe ka munthu wovulala khosi kapena msana ndi zamtengo wapatali koposa mphindi 5 zimene mufuna kupulumutsa pothamanga naye.

Caka cina anatibweretsera mnyamata wopalasa njinga yonyamula anthu, amene anagundidwa ndi galimoto madzulo. Amene anabwera naye anatiuza kuti pa mseu anali kugwedeza miyendo ndi kulira kuti khosi limupweteka. Anamuimiritsa, namukhazika pa mpando wa kutsogolo, ndipo galimoto inathamanga pa mabampu onse mutu wace ukugwera uku ndi uku. Pofika kwa ife ndinamutsina cala cacikulu ca kuphazi koma sanamve kanthu. Cithunzi ca X-ray cinaonetsa kuti fupa lacisanu la m'khosi linathyoka ndi kusuntha pa malo pace. Amene anamunyamula anali amalume ace ndi anzace a pa siteshoni. Sindinawadzudzule, pakuti anacita zimene mtima unawauza ndipo panalibe amene anawaphunzitsapo njira ina. Mnyamatayo sanayendenso.

Kuti mumvetse cifukwa cace ndilimbikira nkhani iyi, tiyeni tione m'mene thupi lathu linamangidwira.

Msana si fupa limodzi

Ambiri aganiza kuti msana ndi fupa limodzi lalitali monga mtanda wa denga. Si tero ai. Msana ndi mafupa ang'onoang'ono 33 osanjikizana, kuyambira pansi pa cigaza mpaka kumatako. M'khosi muli 7. Kumbuyo kwa cifuwa kuli 12, ndipo pa mafupa amenewa ndi pamene pagwira nthiti, 12 kumanja ndi 12 kumanzere. M'munsi mwace muli 5 akuluakulu amene amasenza kulemera kwa thupi, pamene pamapweteka mukalima tsiku lonse. Kenaka pali 5 amene amagwirana ndi kukhala fupa limodzi munthu akakula, ndipo pothera pace pali tina ting'onoting'ono, kawirikawiri 4, pamene nyama zili ndi mcira. Pakati pa mafupa oyendayenda pali timitsamiro tofewa timene timacepetsa kugunda pamene tiyenda kapena kulumpha.

Fupa lililonse lili ndi boo, ndipo mabooŵo akalumikizana apanga ngalande yaitali. M'ngalande imeneyi mupita cingwe coyera cofewa cocokera ku ubongo. Aliyense amene anadyapo khosi la nkhuku anacionapo cingwe cimeneci: ndi kanthu koyera kaja kamene mumayamwa pakati pa timafupa. Mwa munthu wamkulu cingweci ndi cotalika pafupifupi masentimita 45 ndipo kunenepa kwace ndi monga cala caching'ono ca kudzanja. Sicifika kumatako, cithera pang'ono pansi pa nthiti zomaliza, ndipo kucokera pamenepo mitsempha yace ipitirira yokha monga mcira wa kavalo.

Mauthenga onse a pakati pa ubongo ndi thupi apita m'cingwe cimeneci. Kucokera m'menemo muturuka mitsempha ya mauthenga iwiriiwiri yokwana 31 mbali iliyonse, yopita ku manja, ku cifuwa, ku mimba, ku cikhodzodzo ndi ku miyendo. Mukafuna kuponda, uthenga utsika m'cingweci. Mukaponda khala la moto, uthenga ukwera m'cingwe comweci. Fupa likathyoka limalumikizika pakapita masabata, koma cingwe ici cikaduka sicimeranso. Madotolo atha kukonza mafupa ndi zitsulo kuti asasunthenso, koma palibe dotolo pa dziko lonse lapansi amene atha kusoka cingwe coduka kuti cigwirenso nchito monga kale.

Pamene cingwe cavulalira ndi pamene panena zimene munthu adzataya. Cikavulala m'munsi mwa msana, ifa ndi miyendo, ndipo mkodzo ndi cimbudzi sizimvekanso. Cikavulala m'khosi, afa ndi manja omwe. Cikavulala kumtunda kwenikweni kwa khosi, munthu alephera ngakhale kupuma, kaamba kakuti mitsempha yoyendetsa mnofu waukulu wopumira, umene uli pakati pa cifuwa ndi mimba, ituruka pa fupa lacitatu, lacinai ndi lacisanu la m'khosi. Amene munaonerako kanema wa Superman mukumbukira Christopher Reeve. Iye anagwa pa kavalo mu 1995 ku America, nathyoka mafupa awiri oyamba a m'khosi. Ngakhale anali ndi ndalama ndi madotolo odziwa, anakhala pa mpando wa olemala, akupuma mothandizidwa ndi makina kwa zaka zambiri, kufikira imfa yace mu 2004.

Khosi ndilo malo ofooka koposa. Mafupa ace ndi ang'ono, ndipo anapangidwa kuti aziyenda. Loyamba ndi limene litithandiza kuvomera ndi mutu, laciwiri ndi limene lititembenuza pokana. Nyamalikiti wa ku Luangwa, ndi khosi lace lalitali lija, ali ndi mafupa 7 monga ife, koma ace ndi aakulu. Ife pa timafupa tathu ting'onoting'ono tasenza mutu wolemera pafupifupi makilogalamu 5. Munthu ali bwino, minofu ya khosi ndiyo igwira katundu ameneyu. Akakomoka minofu ilekerera. Tsono ngati fupa lathyoka ndipo mwamunyamula mutu uli lende, makilogalamu 5 aja akoka pa malo othyokawo, ndipo m'mphepete mwa fupa mukanikiza cingwe cimene mwina cinali cisanaonongeke.

Ndinene zoona: si onse olemala amene analemala kaamba ka kanyamulidwe. Kwa ambiri cingwe cimaonongeka pa ngozi pomwepo, ndipo kwa ena kutupa kwa m'kati kumaonjeza bvuto pambuyo pace. Koma alipo amene fupa lathyoka pamene cingwe cikali cabwino, kapena cangofinyika pang'ono. Anthu amenewa atha kucira ndi kuyendanso. Pa mseu simungadziwe kuti uyu ali m'gulu liti, cotero musamalireni aliyense monga ngati cingwe cace cikali camoyo.

Nsagwada ndi lilime

Ena mudzafunsa kuti, nanga wokomoka amene akuliza mkonono ndi kubanika, timusiye cabe kuopa khosi? Iai. Mpweya ndiwo uyamba. Munthu wosapuma amwalira m'mphindi zocepa, khosi lace likhale labwino kapena lothyoka.

Pano ndi pamene nsagwada itithandiza. Lilime ndi mnofu, ndipo muzu wace wagwira ku fupa la nsagwada ya pansi, kumbuyo kwa cibwano. Munthu akakomoka ali cagada, nsagwada ilekerera, lilime ligwera kumbuyo ndi kutseka njira ya mpweya. Anthu amati wameza lilime, koma lilime silimezeka. Langogona pa khomo la mmero. Musalowetse supuni kapena kamtengo m'kamwa mwace, mungamuthyole mano. Gwadani kumutu kwace, ikani zikhato zanu mbali zonse ziwiri za mutu, pezani ndi zala zanu ngodya za nsagwada pansi pa makutu, ndipo zikankhireni kumwamba kuti cibwano cibwere kutsogolo. Nsagwada ikabwera kutsogolo ikoka lilime, njira itseguka, khosi losapindika. Ngati mwayesa koma mpweya sulowabe, kwezani cibwano pang'onopang'ono mpaka apume. Ngati sapuma konse, yambani kukanikiza pakati pa cifuwa mwamphamvu, nthawi 100 mpaka 120 pa mphindi imodzi.

Akayamba kusanza kapena magazi akadzaza m'kamwa, mutembenuzireni cam'mbali thupi lonse pamodzi monga mutembenuzira cipika, wina atagwira mutu kuti mphuno ikhale moyang'anana ndi mcombo nthawi zonse.

Cipewa colimba ca wa njinga yamoto musacibvule mothamanga. Tsegulani galasi lace cabe. Cibvulidwe pokhapo ngati sapuma bwino kapena akusanza, ndipo acite anthu awiri, wina atagwira khosi ndi nsagwada, wina akucikoka pang'onopang'ono.

Za m'kati mwa nthiti

Palinso cifukwa cina cosanyamulira munthu mwa cipolowe. Nthiti ndi khola losunga mtima ndi mapapo. Pansi pa nthiti za kumanja pali ciwindi, pansi pa za kumanzere pali kapamba, ndipo impso zili kumbuyo mbali zonse ziwiri. Nthiti yothyoka ili ndi nsonga, ndipo mukamufinya munthu pomukweza itha kuboola papo. Kapamba ndi wodzala ndi magazi, ndipo kuno kwathu ambiri ali ndi kapamba wotupa kaamba ka malungo obwerezabwereza, motero amaphulika msanga. Munthu wotero angaimirire ndi kukamba bwino, opanda bala looneka, pamene magazi akutayikira m'mimba. Akayamba kuzizira, kutuluka thukuta, kumva ludzu kwambiri ndi kuyera m'zikhato, dziwani kuti akutha magazi m'kati. Fupa la ciuno nalo likathyoka litaya magazi ambiri. Ngati adandaula kwambiri m'ciuno, mangani citenje mothina kuzungulira pa mafupa a m'mbali pamene miyendo iyambira, ndipo mangani mawondo pamodzi.

Musamumwetse madzi, mkaka, mazira aawisi kapena mowa, ngakhale apemphe motani. Angatsamwe, ndiponso ngati afunika opaleshoni, za m'mimba zingabwerere ndi kulowa m'mapapo pamene tamugoneka ndi mankhwala. Musamuthire madzi kuti atsitsimuke. Wovulala amazizidwa msanga, ndipo kuzizira kumacititsa magazi kucedwa kuundana. Mufunditseni bulangeti.

Zimene otsutsa anena

Ndakambapo nkhani iyi ndi madalaivala ndi amai a pa msika, ndipo mayankho ao ndi omveka. Amati: a dotolo, mukamba monga ambulansi ili pa ngodya iliyonse. Mseu wa Great East kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi pafupifupi makilomita 570, ndipo malo ambiri ali kutali ndi cipatala. Tikayembekeza, munthu afera m'manja mwathu.

Ndibvomera. Ine sindinena kuti musamunyamule. Wotaya magazi m'kati sangapulumukire pa mseu. Afunika kufika ku cipatala msanga. Cimene ndinena ndi cakuti kunyamula bwino sikudya nthawi yaitali ndipo sikufuna ndalama. Citseko, thabwa lalikulu kapena benchi ya pa msika zipezeka m'komboni iliyonse. Zitenje amai ali nazo m'ciuno. Cosowa ndi munthu mmodzi wolimba mtima wonena kuti: taimani, tiyambe tagwira mutu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ena amati: nanga galimoto ikayamba kuyaka, kapena munthu ali pakati pa mseu usiku? Ngati pali moto kapena madzi, mucotseni msanga. Moyo uposa miyendo. Koma mukokereni molunjika, mutagwira zobvala za pa mapewa, mutu utatsamira pa mikono yanu. Ngati bvuto ndi magalimoto ena, capafupi ndi kuimitsa magalimotowo, osati kuguza wovulalayo. Wovulala amene ali maso, amene akumva manja ndi miyendo yace ndipo atha kuturuka yekha m'galimoto, mulekeni aturuke yekha pang'onopang'ono. Thupi lace lidziwa kuteteza pamene papweteka koposa manja a anthu 6 omukoka pa windo.

Ena amati: uyu waledzera cabe. Kununkha mowa sikuteteza khosi. Woledzera sangakuuzeni pamene pamupweteka, cotero ndiye wofunika kusamalidwa koposa.

Zocita mukafika pa ngozi

Coyamba, onani kuti inu eni simuli pa ngozi, ndipo tumani wina aimitse magalimoto. Amene muli ndi mafoni, lekani kujambula. Imbirani apolisi pa 991 kapena a RTSA pa 983.

Caciwiri, ngati magazi akuturuka kwambiri, kanikizani pa balapo ndi nsaru mwamphamvu osaleka. Citsulo kapena galasi lolasa m'thupi musalizule.

Cacitatu, mmodzi agwade kumutu ndi kuugwira ndi manja awiri m'mene waupezera. Musakoke khosi ndipo musaliongole mwamphamvu. Kambani naye wovulalayo muli kutsogolo kwace kuti asaceuke. Mufunseni ngati khosi kapena msana upweteka, ngati amva dzanzi, ndi ngati atha kugwedeza zala za kumanja ndi za kumapazi. Kumbukirani mayankho ace kuti mukatiuze, kaamba kakuti amatithandiza kwambiri.

Cacinai, yalani bulangeti pa citseko. Mutu umodzi susenza denga: pafunika anthu 4 kapena 5. Wa kumutu ndiye alamula ndi kuwerenga. Ena agwire pa phewa, pa ciuno ndi pa miyendo, amutembenuze onse pamodzi, wina alowetse citseko, ndi kumubweza. Pindani zitenje kapena majuzi ndi kuika mbali zonse ziwiri za mutu, ndipo mumangeni pa cifuwa, pa ciuno ndi pa mawondo, mosathina pa cifuwa kuti apume.

Cacisanu, funani vani kapena lole kuti agone cotambalala. Musamukhazike pa mpando, pa njinga kapena m'wilibala. Wogwira mutu asauleke mpaka ku cipatala, ndipo dalaivala acepetse liwiro pa mabampu ndi m'maenje.

Malangizo omwewa agwira nchito kwa mwana wakugwa mu mtengo wa mango, womanga nyumba wakugwa pa denga, munthu wogweredwa ndi cipupa nthawi ya mvula, ndi mnyamata wodumphira camutu m'damu losaya. Kunyumba amai amathamangira kumubereka mwana kumsana, kapena agogo ayamba kumusisita ndi kumukoka khosi kuti liongoke. Conde lekani. Ndipo ngati munthu anadzuka yekha pa ngozi koma mawa lace khosi lauma, manja acita dzanzi kapena mkodzo wakana kuturuka, abwere ku cipatala tsiku lomwelo, osati kukatemera mphini.

Nchito ya tonse

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pa mseu caka ciliconse, ndi kuti ngozi zimenezi ndizo zipha kwambiri ana ndi acinyamata a zaka 5 mpaka 29. Amenewa ndi ana athu a sukulu ndi anyamata amene adyetsa mabanja. Opulumuka atafa ziwalo abwerera kunyumba ya zipinda ziwiri, kumene cimbudzi cili panja ndipo njira ndi ya matope. Afunika kutembenuzidwa maola awiri alionse, usana ndi usiku, kuti asacite zilonda pa matako ndi pa zidendene. Matenda a m'cikhodzodzo amabwera kawirikawiri. Mkazi aleka malonda, mwana wamkazi aleka sukulu kuti asamale atate ace. Ndaona mabanja olimba akugwa motero.

Ndiye cifukwa cace ndipempha zinthu zitatu. Aliyense wotenga laisensi yonyamula anthu, wa minibasi, wa takisi kapena wa njinga yamoto, aonetse ndi manja ace kuti adziwa kugwira mutu ndi kutembenuza wovulala, osati kungoyankha pa pepala. Makomiti a pa misika ndi pa masiteshoni asunge thabwa limodzi ndi mabulangeti awiri pa malo odziwika, ndipo aitane a Red Cross kapena anchito a pa kiliniki yao kudzaphunzitsa. Aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo apatule ola limodzi kuti ana ndi akulu ayeseze pa mphasa, wina akhale wovulala, ena omunyamula. Cinthu ici cimalowa m'manja mwa kucita, osati mwa kumva cabe. Nafenso a m'cipatala tili ndi mbali yathu: tiyenera kuturuka ndi macila kukalandira wovulala pa galimoto, m'malo mouza acibale kuti bwerani naye m'kati.

Inu atate ndi amai amene mwawerenga tsamba lino, madzulo ano itanani a m'nyumba mwanu. Gonekani mwana mmodzi pa mphasa, wina agwire mutu, ena amutembenuze pamodzi mpaka azolowere. Aonetseni ngodya za nsagwada pansi pa makutu. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe: tsiku lina wogona pa mseu angakhale inu, ndipo oyamba kufika adzakhala ana omwewo ndi anansi anu.